Mzere Umene Unathetsa Ukwati wa Wided

Nesrine anali asanamalize tiyi wake pamene mafoni onse a m'nyumba anayamba kulira nthawi imodzi. Amayi ake, omwe ankadula makeke a baklawa kukhitchini, anatulukira mpeni uli m'manja.

"Iwe Nesrine! Azakhali ako a ku Sousse akulira pafoni, akuti ukwati watha! Watumiza chiyani?"

Nesrine ankagwira ntchito yolemba mapulogalamu mumzinda wa Sfax momwemo, ndipo ndiye anakonza kapulogalamu kotumizira mauthenga anthu oitanidwa ku ukwati wa mkulu wake, Wided. Anatsegula kompyuta. M'chigawo chimodzi cha pulogalamuyo, chotchedwa kalasi, anaikamo mamethodi angapo, omwe ndi magulu a malangizo opita kwa kompyuta, methodi iliyonse ndi dzina ndi ntchito yake. Yokumbutsa alendo inkayenera kuitana inzake, yotumiza tsiku ndi malo. Koma pamzere wa pulogalamu woitanira inzakeyo iye analemba dzina la methodi ina, yolengeza kuti ukwati walephereka. Uthengawo unali utafika kwa aliyense, ngakhale kwa Hatem, mkwati weniweniyo.

Anatembenukira kwa amayi ake.

"Ndalakwitsa mzere umodzi, amayi. Ndikonza pompano, ndipepesa kwa onse."

"Mzere umodzi! Watichotsa ulemu mzinda wonse ndi mzere umodzi? Sukulu yonse ija!"

Wided anatuluka kuchipinda, diresi loyera lili pamkono. Anawerenga uthengawo pafoni ya amayi ake, nauwerenganso mwakachetechete. Kenako anagwira dzanja la mng'ono wake lomwe linali kale pa mabatani.

"Usakonze."

"Achemwali?"

"Ndati usakonze. Unkaganiza kuti ndinakuuziranji kuti uikemo yolengeza zolephereka?"

Nesrine anakumbuka. Tsiku limene Wided anapempha zimenezo onse anaseka, iye n'kuziyesa nthabwala, koma anaiikamo ndithu.

"Ndayesa kukuuzani kangapo, mawu amandikanika," anatero Wided. "Sindikumufuna Hatem, amayi."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono. Panja galimoto inaima mwamkokomo, ndipo mawu a amayi a Hatem anamveka asanafike n'komwe pakhomo.

Nesrine anayang'ana mzere uja. Kusintha dzina limodzi basi, pofika madzulo abale akanakhala akuseka za cholakwa chake. Anayang'ana mkulu wake, yemwe maso ake anali ouma.

Anatseka kompyuta. Wided anayala diresi lija pampando, nalisalaza ndi chikhato, n'kupita yekha kukatsegula chitseko.