Mivi ya a Dokotala

Dalaivala wa basi wopuma pantchito anali atapinda kale thalauzi mpaka pantchafu pamene Mayi anazindikira kuti nayenso akufuna kuwaonetsa bondo. Linali bondo lachisanu ndi chinayi kuyambira m'mawa.

"Taonani, mayi. Zaka khumi ndi ziwiri chiikireni chitsulo, koma osamvako kuwawa ngakhale tsiku limodzi," anatero dalaivalayo, uku akuloza chipsera chowongoka bwino. Kenaka ananyonyomala pakati pa balaza, nadzuka, nanyonyomalanso.

Panali patapita masiku atatu chiikireni maliro a amuna awo, a Dokotala, amene kwa zaka makumi atatu ankachotsa mafupa operepeseka a m'chiuno ndi m'mawondo mwa anthu n'kuikamo zitsulo. Odwala awo akale ankabwera kudzapepesa, koma kapepesedwe kake kanali kachilendo. Munthu ankalowa nkhope ili yakugwa, mawu ali apansipansi, koma pasanathe mphindi zisanu wayamba kuyendayenda pabalaza kuti aliyense aone kuti satsimphina. Mayi wina wogulitsa nsalu anafika povinako pang'ono, misozi ili mbwembwembwe. Bambo wina anafotokoza monyadira kuti makina ofufuza zitsulo pabwalo la ndege amalira iye akangodutsa.

M'nyumba yonseyo wotsimphina anali mmodzi yekha, mkazi wa dokotala wa mafupa.

Chiuno cha Mayi chakumanzere chinayamba kuvuta zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. A Dokotala ankati dokotala sachita opaleshoni mkazi wake chifukwa manja amanjenjemera. Mayi nawo ankati ngati si amuna awo, palibe wina amene adzawayandikire ndi mpeni. Nkhani inkathera pomwepo, ndipo tsiku lililonse awiriwo ankakwera masitepe khumi ndi asanu ndi awiri opita kuchipinda chogona, Mayi atatsamira paphewa la amuna awo, amunawo akuwerenga mokweza ngati akuphunzitsa mwana masamu. Bondo lakumanja la a Dokotala nalonso linali lachitsulo. Ankati anawaika ndi pulofesa wina wochokera kunja amene anabwera kuchipatala kwa sabata imodzi, ndipo bondolo linkanyamula anthu awiri osadandaula.

Tsopano phewa lija linali litapita, ndipo Mayi ankagona pasofa.

Alendo atatha, mwana wawo woyamba, amene aliyense ankangomutchula kuti Loya chifukwa cha ntchito yake ndi kayankhulidwe kake komwe, anatseka chitseko nakhosomola ngati ali m'khoti.

"Amayi, Lamlungu ine ndi mlongo wangayu tikubwerera kuntchito. Nkhani ya masitepe tiithetse lero."

"Masitepe akulakwira chiyani?"

"Simungawakwere nokha. Kwathu kuli chipinda chapansi, bafa lili pomwepo. Nyumba ino tiitseke."

"Nyumba ino ndinalowamo ndili ndi pakati pa iweyo," anayankha Mayi. "Ukufuna ndikakhale kwanu ndizikapempha chilolezo kwa mkazi wako ndikafuna kutsegula windo?"

Mzime wawo, mphunzitsi wa ana aang'ono, anali wozolowera kunyengerera anthu ovuta. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi a mayi ake.

"Njira ina ilipo, amayi. Mukachitidwe opaleshoni. Ine nditenga tchuthi ndidzakusamalireni, pakatha miyezi iwiri muzidzakwera nokha. A Kalipentala alipo."

Mayi anamuyang'ana ngati watukwana.

Kalipentala anali dokotala amene anagwira ntchito pansi pa a Dokotala kwa zaka makumi awiri, ndipo tsopano ndiye anali mkulu wa za mafupa pachipatalapo. Dzinalo anamupatsa ndi a Dokotala eni ake, ndipo pachakudya chamadzulo ndiye ankakhala ndiwo ya nkhani. Lero Kalipentala wakhoma chiuno cha munthu ngati akukhoma denga. Lero Kalipentala wagwira sowo ngati akupala nkhuni. Ana anakula akudziwa kuti padziko pali zinthu ziwiri zoopsa, moto ndi Kalipentala.

"Bambo ako ankati uja sangamupatse ngakhale mwendo wa tebulo," anatero Mayi. "Iwowo atafuna bondo anadikira pulofesa wakunja. Ndiye ineyo ndikagone patebulo la Kalipentala? Ndine thabwa ine?"

"Ndiye mupita kwathu," anagamula Loya.

"Ndikwera."

Anadzuka ndi ndodo yawo, nakana dzanja la Mzime. Sitepe yoyamba anaikwera mwamatama, yachiwiri atakukuta mano. Pa yachinayi chiuno chinawabaya mpaka m'mutu, ndipo anakhala pansi pomwepo ngati ndi zomwe amafuna. Ana onse awiri anayang'ana kumbali. Mayi anachita manyazi, komanso anachita mantha kwa nthawi yoyamba chimwalirireni amuna awo, chifukwa anaona kuti nyumba yawo yatsala ya masitepe anayi basi.

Pathabwa logwirira pokwera, pafupi ndi nkhope yawo, panali kamuvi kakuda koloza msomali wogwedera, ndipo pambali pake panali siginecha ya a Dokotala.

Mivi imeneyi inali paliponse m'nyumbamo. Kuchipatala, munthu asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, dokotala amajambula muvi pamwendo wodwala ndi cholembera chakuda chosafufutika msanga, kuopa kung'amba mwendo wabwinobwino, ndipo amene wasaina pambali pa muviwo ndi amene amagwira mpeni. A Dokotala chizolowezi chimenechi anabwera nacho kunyumba. Mpopi wodontha unali ndi muvi. Chitseko cholira chinali ndi muvi. Loya ali mwana anapita kwa dokotala wa mano ali ndi muvi patsaya, ndipo mpaka pano nkhaniyo safuna kuimva. Vuto linali loti a Dokotala ankajambula, n'kusaina, osakonza. Munthu amene anayendetsa anthu mazanamazana ankalephera kukhoma msomali umodzi m'nyumba mwake, ndipo banja lonse linangophunzira kuzemba chilichonse chokhala ndi muvi.

Mawa lake cha m'ma teni kunabwera mlendo amene Mayi sankamufuna. Kalipentala anali munthu wamkulu thupi, wadazi, wa zala zonenepa, ndipo anaima pakhomo atakumbatira katoni ya zinthu za mu ofesi ya a Dokotala. Mayi anayamba ayang'ana zalazo asanayang'ane nkhope.

"Pepani, mayi. Tsiku la maliro anthu anachuluka, sindinathe kukufikirani."

"Zikomo. Khalani."

Sanamuuze pokhala. Mzime anatsegula pakamwa kuti amuchenjeze, koma mochedwa. Kalipentala anasankha mpando wa pakona, uja wokhala ndi muvi pamwendo wakumbuyo kwa zaka zitatu, ndipo mpandowo unamulandira kwa kamphindi kenaka n'kumutula pansi, katoni ili pamimba. Loya anathamangira kukamudzutsa. Mzime anathawira kukhitchini atagwira pakamwa.

"Dokotala wa mafupa wosaona muvi," anatero Mayi, osatsitsa mawu.

Kalipentala sanakwiye. Ali chikhalire pansi anatembenuza mpandowo, naugwedeza mwendo mofatsa ngati akupima wodwala.

"Sunathyoke, wangoguluka. Muli ndi guluu ndi masikuluu awiri?"

Zonse zinalipo, zosatsegula n'komwe, chifukwa zida a Dokotala ankagula. Mayi anakonzeka kuona denga likukhomedwa. Koma zala zonenepa zija zitangogwira ntchito zinasintha. Zinapala guluu wakale ndi kampeni, zinapima bowo, zinalowetsa mwendo mwakamodzi popanda kumenya. Munthuyo sankapupuluma ndipo sankabwereza chinthu kawiri. Atamaliza anaimika mpandowo, nauyang'ana ngati miyendo yafanana kutalika. Kenaka mosaganiza n'komwe anasolola cholembera chakuda m'thumba la malaya nasaina pansi pa siginecha ya a Dokotala.

"Tabwera nawo kuno mpandowo," Mayi anauza Loya.

Anavala magalasi. Siginechayo inkaoneka ngati kansomba kopinda mchira, kokhala ndi timadontho titatu pamwamba. Mayi ankakadziwa kansomba kameneka. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo kanali pantchafu ya amuna awo, pamwamba pa bandeji, ndipo anakasambitsa ndi sopo kwa milungu iwiri kasanafufutike. Nthawi imeneyo ankangoti ndi mmene amalembera anthu akunja.

"Bondo la amuna anga anaika ndani?"

Kalipentala anayang'ana Loya, nayang'ana chitseko.

"Ndikufunsa inuyo, adokotala."

"Pulofesayo analipo ndithu, mayi. Anaima pakona akuonerera." Anapukuta dazi ndi dzanja. "A Dokotala anajambula okha muvi, n'kundipatsa cholembera. Anati saina, koma ukadzauza mkazi wanga ndidzakuthyola zala zonse khumi, ndipo palibe amene adzakulumikize."

Loya anakhala pansi. Mzime anali atabwerera, ataima pakhomo la khitchini ndi thireyi ya tiyi.

"Zaka makumi awiri akukunyozani patebulo ili," anatero Mayi.

"Kuchipatalanso ankandinyoza, mayi. Koma wodwala akakhala wovuta, kapena m'bale wa mnzawo, ankamutumiza kwa ine. Ankati pita kwa Kalipentala, ine ndatanganidwa."

Anavundukula katoni ija natulutsa envulopu yaikulu yakhaki. Munali ekisire ya mafupa a chiuno cha Mayi, imene anajambulitsa kamodzi kokha atakakamizidwa, n'kuiiwala. Mzime anaiimika pawindo kuti dzuwa liwale kumbuyo kwake. Pafupa lakumanzere panali mizere ya pensulo ndi manambala a kukula kwa chitsulo choyenera, zolembedwa mwaukhondo. Panalinso muvi wonenepa kuposa mivi yonse ya m'nyumbamo, chifukwa unali wobwerezedwa kangapo, ndipo m'mbali mwake munali madeti asanu ndi limodzi, chaka chilichonse deti lake. Siginecha panalibe.

"Chaka chikangoyamba ankabwera nayo mu ofesi mwanga," anatero Kalipentala. "Ankadutsitsanso cholembera pamuvipo, n'kunena kuti chaka chino ndimuuza. Kenaka ankaibweza m'kabati."

Mayi anakwiya, ndipo unali mkwiyo weniweni. Zaka zisanu ndi chimodzi akutsimphina pamaso pa anthu, akumwa mapilitsi ngati mtedza, chifukwa choti mwamuna wina wouma mutu ankalephera kubweza mawu ake pamaso pa mkazi wake. Anafuna atamudzutsa kuti amukalipire. Kenaka anakumbukira kuti nawonso analumbira kangati kuti wina sadzawakhudza, ndipo anaona kuti m'nyumbamo ouma mutu anali awiri, ndipo ankakwera masitepe atagwirana.

"Kuseri kuli zolemba," anatero Mzime, ataona kapepala komatidwa paenvulopu. Anawerenga mokweza. "Kalipentala. Ukamufunsa ngati akumva kuwawa adzakana, usamukhulupirire. Amadana ndi kuzizira kumapazi, umuveke masokosi. Kwathu masitepe ndi khumi ndi asanu ndi awiri, asatuluke m'chipatala asanathe kukwera onsewo."

Mayi anaseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi imene inakana kutuluka tsiku la maliro. Palibe amene anawatonthoza, anangowasiya mpaka anamaliza okha. Anapukuta magalasi ndi nsonga ya diresi.

"Amayi," anayamba Loya mosamala, "chipinda chija chikadalipo ngati..."

"Uikemo njinga zako zolimbitsira thupi. Iwe Mzime, tchuthi chija ukapemphe." Anatembenukira kwa mlendo. "Mumakhoma ngati denga zoona?"

"Hamala timagwiritsa ntchito, mayi, sindinama. Koma inu mudzakhala muli m'tulo."

"Bweretsani cholemberacho."

"Amayi, zimenezo amajambula tsiku la opaleshoni," anatero Loya.

"Ukafuna muvi wako patsaya unene," anayankha Mayi.

Anakweza diresi pang'ono kupitirira bondo lakumanzere, monga anachitira alendo onse aja sabata imeneyo. Muvi umene anajambula pantchafupo unatuluka wokhota, koma unaloza m'mwamba, kuchiuno. Anauyang'ana kwa kanthawi, kenaka anapereka cholembera kwa Kalipentala, n'kumulozera pambali pa muviwo, malo amene amuna awo ankasiya opanda siginecha pa ekisire ija.

"Sainani apa," anatero.