Tinkadikira Kuti Sadik Atere

Kwathu ku Namwera tinali ndi lamulo limodzi lomwe silinachokere kwa shehe kapena kuboma. Analiika ndi amayi, tsiku lomwe mlongo wanga wamng'ono, Sadik, anayamba ntchito yoyendetsa ndege. Munthu amene akuuluka sauzidwa nkhani yoipa, uziyamba wadikira atere. Amayi ankati mtima ukagwedezeka manja nawonso amagwedezeka, ndipo kumwambako kulibe poima pambali ngati mmene imachitira minibasi.

Anthu akamva kuti mlongo wanga ndi payiloti amayesa tinkadyera pa tebulo limodzi ndi angelo. Ine Ajira, amene ndinatsala pakhomo ndi makina anga osokera, ndikuuzeni zoona. Sadik amayendetsa ndege zahayala, tindege ta anthu asanu ndi atatu tonyamula mabwana a makampani ndi alendo odzaona nyanja. Ndege yotere ilibe ndandanda. Bwana akalota kuti mawa adye chambo ku Likoma, foni ya Sadik imalira. Akawafikitsa sachoka, amakhala pamthunzi wa phiko kudikira kuti akhute. Idi zitatu zotsatizana tinamusungira nyama m'mbale mpaka ana anaidya. Mkazi wake, Rachael, anatopa nazo, anatenga mwana n'kubwerera kwawo ku Zomba. Ine sindinamunene mlamu wangayo ngakhale liwu limodzi.

Chomwe ankachita mosaphonya chinali kutumiza uthenga wa liwu limodzi pa foni yanga: Ndatera. Ndikawawerengera amayi, ankati Alhamdulillah, n'kupempha tiyi.

Amayi anadwala mtima chaka chathunthu. Anali ndi pempho limodzi lokha, ndipo ankalibwereza mpaka linanditopetsa. M'Chisilamu akazi sitipita kumanda, ndipo amene amatsikira m'dzenje kukalandira thupi la mayi ndi mwamuna wa magazi ake. Iwo mwana wamwamuna anabereka mmodzi.

“Ajira, andilandire ndi Sadik,” ankatero. “Ine ndinamulandira pobwera, nayenso andilandire popita.”

Lachinayi lina, ndikuwapatsa phala m'mawa, supuni inangoima pamlomo. Mpweya unayamba kutuluka mokoka. Ndinathamangira kwa amjomba, a Iddi, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala kuseri kwa munda wathu wa fodya. Anabwera akutsimphina ndi maondo awo otupa aja.

Amayi anatsegula maso.

“Sadik ali kuti?”

“Anati lero akupita ndi mabwana ku Lusaka, mama. Akuuluka.”

“Watera?”

Ndinayang'ana foni. Munalibe kanthu.

“Sanatere.”

“Basi musiye,” anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Nthawi inali isanakwane seveni koloko. Ndinakhala pamphasa, dzanja limodzi lili pachifuwa chawo, linalo litagwira foni. Eyiti koloko inadutsa, naini koloko inadutsa. Amjomba anandiuza kawiri kuti ndiimbe.

“Mwanangu, muimbire mnzakoyo. Zinthu sizili bwino apa.”

“Mwawamva eniake, mjomba. Ati ndimusiye.”

Ndinayankha mwamwano, ndikuvomera. Pansi pa mtima ndinali ndi mkwiyo wanga wakale. Chaka chonse wochapa nsalu ndinali ine, wothamangira kuchipatala ku Mangochi ndinali ine, koma dzina lomwe linali pakamwa pa amayi linali la uyo wa malaya oyera. Ndinadziuza kuti ndikusunga lamulo la amayi. Mwina ndinkasungadi lamulo, mwinanso ndinkafuna kuti kamodzi kokha iye ayambe kufunsa za ife.

Amayi anatisiya nthawi itangopitirira leveni koloko. Anamutchula kawiri asanatsirizike.

Kwathu maliro sagonera. Shehe anabwera n'kunena kuti tiika ikatha swala ya Alasiri, dzuwa litapendeka. Amuna anatenga makasu, azimayi tinayamba kusambitsa thupi ndi kudula sanda, nsalu yoyera yokulungira maliro. Foni ndinaiika pazenera, ndipo ndinkaisuzumira pafupipafupi ngati mphika wa mkaka. Ulendo wa ku Lusaka sutenga tsiku lonse, ndinkadziwa zimenezo. Koma ndinkadziwanso kuti mabwana aja amachedwa kunyamuka mmene afunira, ndiye ndikanadziwa bwanji kuti sali m'mwamba nthawi yomweyo? Kuimba mwina sikukanalowa, koma uthenga ukanamupeza akukonzekera kunyamuka, ndipo ndi zimene amayi ankaopa.

Thu koloko itakwana amjomba anaima pakhomo la chipinda, osalowa.

“Ajira, ukapanda kuimba ndiimba ndine. Kodi ukufuna mlongo wanga alandiridwe ndi ndani?”

Ndinaimba. Inangolira kamodzi.

“Achemwali, zikuyenda?” Mawu ake anali a munthu wokhuta, ndipo kumbuyo kwake ndinkamva mphepo ndi wailesi.

“Uli pansi?”

“Ndili pansi. Bwanji?”

“Uli kuti?”

“Kunyanja kuno, kufupi ndi Nkhudzi. Mabwana anasintha ulendo, msonkhano akuchitira pahotela.”

Nkhudzi ndi boma lathu lomwe lino, ulendo wa maola awiri pa galimoto. Ndinamuuza za amayi. Sindikumbukira mawu amene ndinagwiritsa ntchito, ndimangokumbukira kuti wailesi ija inapitiriza kuimba.

Zomwe zinachitika kumeneko anandifotokozera pambuyo pake. Anaimbira ku ofesi yawo ku Lilongwe, anamuuza kuti mabwana akunyamuka faifi koloko ndipo payiloti wina sangapezeke mpaka mawa. Anataya theka la ola akuchonderera. Kenaka anakhoma ndege, n'kusiya makiyi kwa mlonda wa pabwalo, n'kuthamangira kumsewu. Minibasi yomwe anakwera inkaima paliponse pamene pali munthu ndi dengu la usipa. Pa Mangochi anahayala njinga yamoto, inakwera naye mapiri a ku Namwera ikulira ngati mbuzi.

Ine ndinagwada pamaso pa shehe, chinthu chomwe sindinachitepo.

“Shehe, dikirani pang'ono chabe. Ali m'njira.”

Anadikira, Mulungu awadalitse. Alasiri itatha anawonjezera pafupifupi ola lathunthu, amuna atakhala phee pansi pa mango. Koma mitambo inayamba kuda chakum'mawa, ndipo okumba anatumiza mawu kuti mvula ikagwa dzenje ligumuka. Jeneza, chithatha cha maliro, linanyamulidwa. Ndinaima pampanda ndi azimayi anzanga, ndikuliona likukhota pa chigayo. Amene anatsikira m'manda anali amjomba. Anyamata awiri anachita kuwagwira m'khwapa powatsitsa, ndipo potuluka anachita kuwakoka.

Sadik anafika amuna akusamba m'manja pakhomo. Anatsika panjinga malaya oyera aja atafiira ndi fumbi, timizere ta golide tili pamapewa. Palibe anamuuza kanthu. Anangoona dothi lonyowa pa maondo a amjomba, n'kukhala pansi pomwepo pabwalo, munthu wamkulu wandevu, n'kumalira ngati mwana wotayika pamsika.

Amjomba anamuperekeza kumanda. Atabwerako anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka makapu. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimulase nawo, koma nditamuona onse anathawa. Ndinangofunsa chimodzi.

“Bwanji sunatumize uthenga?”

“Ndikanati ndatera, mukanafunsa kuti kuti. Ndikanati ku Nkhudzi, amayi akanayamba kuyang'ana kumsewu, ine ndisakutha kuisiya ndege. Zinachitikapo kawiri, achemwali, mukukumbukira. Anaphikitsa mpunga, ine osabwera. Ndinati bola asadziwe kuti ndili pafupi.”

“Unatera nthawi yanji?”

“Hafu seveni.”

Kapu inandipulumuka m'manja. Hafu seveni amayi anali moyo, maso ali kukhomo. Ndikanaimba nthawi yomwe amjomba ananena koyamba, akanawapeza akupuma, akanawagwira dzanja, mwina akanamva dzina lake likutuluka pakamwa pawo. Iye anakhala tsiku lonse pansi pa phiko akumvera wailesi, kuwasunga amayi kuti asakhumudwe. Ine ndinakhala pamphasa ndi foni m'manja, kumusunga iye kuti asagwe. Mtima unandipweteka kwambiri moti ndinalephera ngakhale kulira.

Anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya, n'kundiyang'ana.

“Nanga amayi atisiya nthawi yanji?”

Amjomba anali ataima pakona ya nyumba, atatsamira ndodo. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana.

“M'bandakucha,” ndinatero. “Usananyamuke n'komwe ku Lilongwe. Sukanawapeza.”

Anapumira m'mwamba, mapewa ake n'kutsika pang'ono. Amjomba anaweramitsa mutu, n'kubwerera kwa amuna anzawo.

Papita zaka zitatu. Amjomba nawonso anapita chaka chatha. Sadik mpaka lero amadziwa kuti amayi anamwalira m'bandakucha, ndipo akabwera kudzaona manda amandithokoza kuti ndinawasamala mpaka pomaliza.