Mlandu wa Bakha wa ku Mangalande

Tenti inali itaima kale pa kapinga kwa mayi Eveless Zikhale ku Area 15, mipando itaunjikidwa pakhonde, pamene mkamwini wawo wam'tsogolo anatsegula pakamwa n'kuwononga zonse.

Mwana wawo Lisa, namwino wogwira ntchito ku Australia, anali atabwera ndi mzungu wake, Clifton, kuti achite chinkhoswe Loweruka. Mnyamatayo analibe vuto: wamtali, wofiira khosi ndi dzuwa, wodya chilichonse chimene wapatsidwa. Popeza kwawo sikunabwere wachibale, anam'bwerekera nkhoswe, a Ezekiel a nyumba yoyandikana, Mtumbuka wopuma pantchito ku Capital Hill. Chotsala chinali mawu a alongo awo a mayi Eveless, a Shadrick, mwini mbumba, ogulitsa zitsulo za njinga ku Area 1. Popanda iwowo nkhuku za chinkhoswe sizikanasinthanidwa.

A Shadrick anafika Lachinayi masana atavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Anamwa tiyi, natsokomola, n'kufunsa funso la makolo m'Chingerezi chawo cha pashopu, chimene chinkapunduka koma chinkafika.

"Bambo, makolo anu anali anthu otani?"

Nkhope ya Clifton inawala. "Malume, ife ndife a zombo zoyamba! Agogo a agogo athu anapita ku Australia ali mkaidi."

Lisa anam'ponda phazi. Clifton anangosuntha phazilo n'kupitiriza, chifukwa kwawoko nkhani imeneyi ndi yonyaditsa. Anati mayiyo, dzina lake Hannah, anali wantchito wa m'nyumba ku London, ndipo anaba bakha wa abwana ake. Masiku amenewo ndende za Angerezi zinali zodzaza, choncho boma linalongedza akaidi m'zombo ngati matumba a fodya, kuwatumiza kumapeto kwa dziko. Anayenda miyezi yambirimbiri panyanja. Atatsika sanapeze nyumba kapena munda. Anagona m'matenti mvula ikuwakhuthukira. Mbewu zimene anatenga zinauma mumchenga, ndipo ambiri anali akuba a m'tauni, osadziwa mogwirira khasu. Ng'ombe zawo zinathawira kutchire. Njala itakula, woba chakudya ankakwapulidwa, wina kupachikidwa kumene.

"Koma Hannah anapirira," anatero Clifton monyadira. "Anakwatiwa ndi woumba njerwa, ana mbwee."

"Woumba njerwayo anali munthu wabwino?" anafunsa a Ezekiel, pofuna kupulumutsa mnyamata wawo.

"Ameneyo anaba mawotchi."

A Ezekiel anayang'ana kudenga.

"Nanga dzikolo linalibe eni ake?" anafunsa a Shadrick.

Apa Clifton anatsitsa mawu. Anati analipo, ndipo analandidwa malo, ambiri anafa.

"Ehe. Woba bakha unyolo, woba dziko chipewa cha nthenga." A Shadrick anaimirira. "Mlongo, tiyeni kukhitchini."

Chitseko chisanatsekeke n'komwe a Shadrick anayamba. "Kuba mbali zonse ziwiri, Eveless! Kwathu ku Mitundu munthu akakhala ndi m'bale wa kundende amati ali ku Joni. Uyu akuchita kudzitama ngati agogo akewo anali abusa! Akakanena zimenezi pa maikolofoni Loweruka, ine mkulu wa mpingo ndikaloza kuti nkhope?"

"Achimwene, munthuyo anafa agogo athu asanabadwe. Ndipo ana a Lisa adzakhala a mbumba yanu, osati ya mzungu."

"Mbumba ndi yanga, koma zala mwana amatengera konsekonse. Mlandu suwola. Chotsani tenti."

Mayi Eveless anawayang'ana alongo awo. Tenti analipira, mpunga anagula, azimayi a kumpingo anasoketsa kale nsalu zofanana. Kuposa zonsezo, ankam'dziwa Lisa: akakwera ndege ali wokwiya, akakwatiwa komweko pamaso pa anthu awiri, ndipo zidzukulu adzangoziona pafoni. Koma ankawadziwanso a Shadrick. Munthu amene ankagula mahabu a njinga kwa anyamata osafunsa kumene achokera sakanaopa wakuba wakufa. Chimene ankakonda n'kukhala pampando anthu akuwadikira.

"Mwanena zoona," anatero mayi Eveless. "Mlandu suwola. Ndiye uweruzeni."

"Ine?"

"Nanga ndani? Angerezi anangomanga munthu, mlandu osaumaliza. Wadikira zaka zonsezi kuti upeze munthu wodziwa."

A Shadrick anakonza kolala ya jekete.

Bwalo linakhala pansi pa tenti. Clifton anam'khazika pampando wa ana, mawondo ali m'makutu. A Ezekiel anaima kumbali yake nayankhula motalika, monga a kumpoto akapeza mpata, kuti mayiyo anagwira ukaidi wake wonse, ndipo munthu salangidwa kawiri.

"Ada, ndende ndi ya boma," anadula a Shadrick. "Ine ndikufunsa za mwini bakha. Anabwezeredwa?"

"Ayi, malume," anayankha Clifton. "Hannah anali atam'dya kale."

"Basi. Chindapusa bakha mmodzi, wamoyo, wonenepa. Akagule yekha, anyamule yekha."

"Alandire ndani?" anafunsa Lisa. "Mwini wake ali kumanda ku Mangalande."

"Ndimusungira ine mpaka abale ake adzabwere."

Lachisanu m'mawa mayi Eveless anapita naye Clifton kumsika waukulu. Pobwerera mzungu anadutsa pakati pa maminibasi atakwapatira bakha m'khwapa, bakhayo akum'paka zitosi pamalaya. Oitanira anasiya ntchito.

"Azungu, mwaba kuti bakhayo?"

"Akuti chiyani, amayi?" anafunsa Clifton.

"Akuti wagula wabwino. Yenda."

Ali m'njira foni inalira. Anali a Shadrick. Anati agona nayo nkhaniyo, ndipo aona kuti bakha mmodzi wachepa. Nanga mazira amene akanaikira zaka zonsezi? Nanga mawotchi aja? Anati abwera masana kudzaunikanso mlandu, ndipo za Loweruka aziona pambuyo pake.

Mayi Eveless sanatsutse. Anangoti, "Mudzadyere kuno." Atafika kunyumba anatuma Lisa kuti abandike madzi, iwo natenga mpeni.

A Shadrick anapeza tebulo litayalidwa, a Ezekiel atakhala kale. Panali mpunga wa Kilombero ndi nyama yofiirira bwino, ya tomato ndi tsabola pang'ono. A Shadrick anapemphera mwachidule kusiyana ndi masiku onse. Anadya chidali, anadya ntchafu, anaswa fupa n'kuyamwa mafuta, thukuta likutsika m'kolala.

"Mlongo, nkhuku iyi si ya chizungu ayi. Yachikuda yeniyeni." Anatsuka m'manja. "Tsopano bweretsani bakha uja ndimuone ngati akukwana."

"Mwamuona kale, achimwene. Mwati akukwana."

A Shadrick anayang'ana mafupa ali mulu pambale yawo.

"Eveless!"

"Ine ndangophika. M'mbale ya a Ezekiel muli nkhuku, onani. Ife tonse tadya nkhuku." Anayamba kusonkhanitsa mbale mosafulumira. "Koma ndiye zavuta. Dzulo munanena pamaso pa mboni kuti bakhayo si wanu, mukusungira eni ake a ku Mangalande. Lero mwamudya. A Ezekiel, munthu wodya bakha wa eni ake Angerezi amam'tani?"

"Chombo, mama," anatero a Ezekiel, akupukuta magalasi. "Ulendo wa miyezi yambiri. Ndipo akuti kumeneko ng'ombe zimathawa."

Lisa anathawira kukhonde atagwira pakamwa. Clifton, amene anangotolapo mawu akuti bakha, anafunsa mwaulemu ngati malume akhutira ndi chindapusa.

"Tsono tipange chotani?" anapitiriza mayi Eveless. "Mlanduwu tiutseke, kapena tiusiye wotsegula kuti mawa akulu a mpingo atithandize kuweruza akuba onse awiri pamodzi?"

A Shadrick anachotsa kanyama m'mano ndi lilime. Anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana tenti kunja. Kenaka anatembenukira kwa Clifton.

"Mkamwini, mlandu watha. Mawa muvale tayi. Akakufunsani za makolo, munene kuti anali oumba njerwa, mukhale pansi."

"Zikomo, malume."

"Eveless, ntchafu inayo usapatse ana. Undikulungire, alamu ako alaweko. Tikamangidwa timangidwe tonse."