Mamita Atatu a Bambo a Tuli

Prodyut anali atajambula mzinda wa Kolkata wonse: okoka ngolo, ometa anthu m'mbali mwa msewu, ngakhale wapolisi akutokosa m'mphuno. Koma chithunzi cha mkazi wake Shefali akuseka analibe ngakhale chimodzi, chikhalirecho m'banja zaka makumi atatu. Mayiyu akaona kamera ankangouma gwa, ngati wa pa chiphaso.

Tsono mwana wawo Tuli, amene anakwatiwa ku Toronto, anaimba foni.

"Ababa, mwezi wamawa ndichira. Ndikufuna mwana wanga adzayambe kuona chithunzi cha agogo ake aakazi akuseka, osati nkhope ya kupolisi ija."

Mawuwo anamulasa Prodyut pamtima, manyazi n'kumugwiranso.

Luso lake linali lakuba ndithu. Kamera sankaikweza kumaso, poti munthu wa mu Kolkata akangoiona amatulutsa chifuwa n'kuyamba kukonza ndevu. Ankailendewetsa pamimba, ndipo mimbayo inalipo yokwanira. Kabowo kolowera kuwala ankakaika pa 8, chotsekera chake pa 500 kuti woyenda asatuluke mwachimbuuzi. Mkombero woyezera mtunda ankauimika pa mamita atatu n'kuumata ndi tepi yakuda yoduladula ndi mano. Akatero, aliyense woima pakati pa mamita awiri ndi asanu ankaoneka bwinobwino, iye n'kumangodina ndi chala chachikulu maso ali pa akhwangwala.

Tsoka lake, mamita atatuwo Shefali ankawadziwa kuposa mwini wake. Akangomva kafungo ka kamera ankabwera pafupi, mphuno pa mphuno, n'kutuluka pachithunzi ngati utsi.

Panali malo amodzi okha amene mayiyu ankaseka mpaka misozi: pa benchi la Haripada, wogulitsa nsomba mumsika wa Gariahat. Lachitatu Prodyut anakayeza ndi mapazi, napeza chipilala choima mamita atatu enieni kuchokera pabenchipo. Lachinayi m'mawa ananamizira mutu, nadikira mkazi wake atuluke, kenako n'kumunyang'amira m'mbuyo. Bambo wa imvi zake, kubisala kuseri kwa chipilala pakati pa maungu!

"Alamu, nsomba ya ilishi iyi dzulo lomweli imasambira!" anafuula Haripada atanyamula nsomba.

"Imasambira mu ayezi, achimwene," anayankha Shefali. "Taonani maso akewo, afiira ngati anu."

"Anga afiira polirira inu, alamu. Sabata yonse osabwera!"

Shefali anaphulika n'kuseka. Chala cha Prodyut chinagwira ntchito kakhumi konse. Koma mwadzidzidzi mayi uja anatembenuka, nalunjika kuchipilala, akusekabe.

"Bambo a Tuli, mutu wapola? Mimba yanu yatulukira kalekale, msika wonse waiona!"

Shefali anali atafika kale pamphuno pake. Chala chinadinanso mwachizolowezi, koma Prodyut anadziwa kuti chimenecho n'cha utsi.

Mumsewu sankayang'ana kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, ati zimenezo n'za ophunzira. Anadikira mpaka kunyumba, tiyi ali patebulo. Chithunzi choyamba, chimbuuzi. Chachiwiri, chimbuuzi. Zonse khumi, Haripada ndi nsomba yake osasiyanitsika. Zoterezi zinali zisanamuchitikirepo, ndipo anamva chisoni chenicheni poganiza zomwe akamuuze Tuli.

Kenako chinabwera chomaliza chija. Shefali yenseyo anali pomwepo: kampata ka pamano, makwinya a m'mbali mwa maso, utoto wofiira wa ukwati pakati pa tsitsi, msozi uli lende. Ndi nkhope imene Prodyut anaikonda ali mnyamata, ndipo anaiyang'ana mpaka maso ake anachita chinyezi.

Apo mpamene anatembenuza kamera. Tepi inali yatsopano, yodulidwa bwino ndi sizasi, osati ndi mano. Pansi pake mkombero unali pa mita imodzi.

"Mayi a Tuli, kamera yanga mwaigwira ndinu?"

"Ndimapukuta fumbi," anatero Shefali akuthira shuga, osadzutsa n'komwe mutu. "Zaka makumi atatu mukundibisalira pa mamita atatu ngati ndine munthu wa mumsewu. Ine ndi mkazi wanu, mukafuna kuseka kwanga muzisendera. Tumizani kwa mwana tiyi asanazizire."

Prodyut anatumiza, ndipo tepi ya sizasi ija sanaimatulenso.