Kamzere Kamodzi

Njinga inazima pachitunda, Wyson asanafike n'komwe theka la njira ya ku Kabudula. Yamagetsi sitsokomola ngati ya petulo, ayi. Inangoti zii, basi.

"Tafika kodi, bambo?" anafunsa apongozi ake, a Benedeta, ali kumbuyo atafumbata kabuku ka kuchipatala. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo madokotala a maso ankabwera kuchipatala cha Kabudula tsiku limenelo lokha pamwezi, kulemba mayina mpaka masana.

"Ikungopuma pang'ono, mayi."

Bodza lenileni! Magetsi anali atathima masiku atatu pa Nsaru, thiransifoma itapsa, ndipo kushopu ya a Nasser, malo okhawo otchajira, kunalibe thandizo. M'mawa mkazi wake Beatrice atamufunsa za batire, Wyson anaona kuti kamzere kosonyeza mphamvu ya batirelo katsala kamodzi kokha, koma anati, "Ladzaza." Akanavomera bwanji? Si iyeyu ankaseka anzake a kabaza akamapsa ndi dzuwa pamzere wa mafuta, n'kumati, "Ine mafuta anga amayenda pawaya"?

Anatsitsa apongozi n'kuyamba kukankha. Mayiwo ankatsatira atagwira chishalo, akupunthwa pamiyala. Wyson anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo.

Patapita ola lathunthu kunatulukira Selemani, mnzake wa pasiteji, atamanga matumba a mtedza panjinga yake ya petulo.

"Aa, a Wyson! Waya uja waduka eti? Kunena kwa ndithendithe nanthambwe anadzitengera!"

Ataona maso a mayiwo, kuseka kunamuthera. Anamasula matumba n'kuwaika pansi.

"Kwerani, mayi. Inu a Wyson, mundilondere mtedzawu."

Wyson anakhala pathumba m'mbali mwa msewu, aliyense wodutsa akumuyang'ana. Dzuwa litapendeka, awiriwo anabwerera.

"Tapeza atatseka buku," anatero Selemani motsitsa mawu. "Akuti mwezi wamawa."

A Benedeta sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Wyson.

"Magetsi athimira tonse, bambo, umenewo si mlandu wanu," anatero. "Koma mukanangonena m'mawa muja, ndikanakwera ngolo ya a Yosefe. Ng'ombe zikanandifikitsa."

Wyson anavula chipewa, maso ali pansi.

"Ndinanama, mayi. Pepani." Kenako anatembenukira kwa Selemani. "Achimwene, kaperekezeni mayi kunyumba. Mwezi wamawa, magetsi ayake asayake, mudzawatenge ndinu."

Selemani anangogwedeza mutu n'kuliza njinga.