Guluu Akutha Msanga

Guluu ankatha msanga m'kashopu ka Amisiri, ndipo Amisiri ankaloza chala aliyense kupatula mwana wawo. Poyamba anati likuumitsa ndi dzuwa. Kenako anati wa sitolo akugulitsa zitini zosadzaza, mpaka anakamulalatira pamaso pa anthu. Anakayikiranso makoswe, ngati kuti khoswe angatsekule chitini n'kuchitsekanso bwinobwino.

Amisiri anali osoka nsapato. Kashopu kawo kanali ka malata, m'mbali mwa msewu, ndipo munali benchi imodzi, nyundo, singano, ndi mulu wa nsapato zomwe eni ake anaiwala. Mwana wawo anali wa ku sekondale. Anthu ankamutcha Wamtali chifukwa anawapitirira bambo ake msinkhu ndevu zisanamere, ndipo Amisiri ankadandaula kuti akamamukalipira khosi limawapweteka.

Chaka chapitacho, Wamtali anali atakwezedwa panjinga ndi mkulu wake pamene lole inawagunda. Iye anangokalika m'manja, koma mkulu wakeyo anafera pomwepo. Maliro atatha, Amisiri anachotsa chithunzi cha malemuyo pakhoma n'kulamula kuti nkhaniyo isatchulidwenso. Sanachite zimenezi mwankhanza ayi, ankati akumuteteza mwanayo. Mayi a anawo anamwalira kalekale, choncho m'nyumba munatsala anthu awiri osayankhulana kwenikweni.

Ataona kuti mnyamatayo sakudya, sakugona, ndipo akudzidzimuka galimoto ikangoliza mabuleki, Amisiri anati mankhwala ake ndi ntchito. Akaweruka kusukulu azibwera kushopu, kutali ndi anzake oipa. Anamusankhira ntchito yopepuka kuposa zonse, yomata soli, n'kumupatsa chitini cha guluu m'manja.

Tsiku lina masana Amisiri anazungulira kuseri kwa shopu kukafuna chidutswa cha tayala. Anamupeza Wamtali atatsamira malata, kajumbo ka guluu kali pakamwa, maso ali psuu, dovu likuchucha. Mnyamatayo anawayang'ana ngati akuona mlendo. Amisiri anali ataika kale mwana mmodzi m'manda, ndipo wotsalayu ankawapulumuka iwo akuona.

Mantha a bambo sachedwa kusanduka mkwiyo. Anamukokera mkati n'kutola lamba yemwe kasitomala wina anasiya pabenchi. Dzanja lili m'mwamba, pakhomo panaima Anamwino, mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo amene ankagwira ntchito kuchipatala, nsapato yothyoka chidendene ili m'manja.

"Odi, Amisiri. Lambayo mukumuyesa ngati walimba?"

"Mayi, ndisiyeni ndimuwongole. Akununkhiza guluu wanga. Ndamutsekera muno kuti asaonongeke, iye n'kuonongekera momwemuno."

Anamwino anaika nsapato pansi. Anatulutsa Wamtali panja pa mphepo, n'kumukhazika pamthunzi, n'kumugwira pamkono kuti amve kugunda kwa mtima.

"Musamumenye, musamuthamangitse," anatero motsitsa mawu. "Munthu akakoka zimenezi mtima sugunda bwino, ndipo akadzidzimutsidwa ukhoza kuima. Guluuyu amaononganso ubongo. Koma ndikufunseni, munamufunsapo chifukwa chake?"

"Chifukwa chake n'chiyani? Ndi kupusa basi."

"Tidikire mutu uyere, timve kwa mwini wake."

Anadikira. Amisiri anamubweretsera madzi. Maso a mnyamatayo atayamba kubwerera, Anamwino anamufunsa kuti guluuyo amamuthandiza chiyani. Wamtali anayang'ana bambo ake, ngati wopempha chilolezo.

"Nena, mwanawe," anatero Amisiri.

"Ndikakoka, phokoso limasiya. Ndimamva lole ija m'mutu, ababa, ngakhale m'kalasi. Tsiku lija ndine ndinawauza achimwene kuti apalase mwamphamvu, tichedwa. Ndimafuna ndikuuzeni, koma munati tisamawatchule."

Amisiri anakhala pansi, pafumbi pomwepo, munthu amene ankapukuta benchi asanakhalepo. Chaka chonse mwana wawo anasenza mlandu wa imfa ya mkulu wake, ndipo amene anamutseka pakamwa anali iwo.

"Si iwe unayendetsa lole," anatero. "Wandimva? Si iwe."

"Mawu amenewo aziwamva kawirikawiri," anatero Anamwino. "Koma mutu umodzi susenza denga. Mwana akaona zoopsa, maganizo ake amavulala, ndipo kumeneko ndi kudwala monga kudwala kwina kulikonse. Tipite naye kuchipatala lero lomwe. Adokotala amuyeze, ndipo kuli aphungu amene amacheza ndi achinyamata mwachinsinsi."

"Anthu sanena kuti mwana wa Amisiri wapenga?"

"Anthu ananena kale kuti nsapato zanga ndi zachikale, koma ndikuyendabe. Tsekani shopu."

Anatsekadi, dzuwa likadali pamutu, zomwe makasitomala anali asanazionepo.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Masabata oyamba Wamtali ankamva mutu, ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, ndipo ulendo wina anabwerera ku kajumbo kaja. Tsiku limenelo Amisiri sanatole lamba. Anamuperekeza kwa aphungu tsiku lake lisanakwane, ndipo aphungu anati kuterereka kumachitika, chachikulu n'kudzukanso. Anawaitananso bambowo kuti alowe okha. Amisiri anati akhalamo pang'ono chabe chifukwa alibe zonena, koma anatuluka mochedwa, mphuno ili yofiira, akunamizira chimfine.

Kushopu ntchito inasintha. Guluu anapita m'bokosi lokhoma, kiyi m'thumba mwa Amisiri. Wamtali anapatsidwa singano ndi ulusi, n'kumasokera panja pamene pakupita mphepo. Masiku ena bambo ake ankamuthamangitsa okha kuti akasewere mpira ndi anzake omwe aja ankawaopa.

Madzulo ena akutseka, Amisiri anagwada n'kutulutsa nsapato zabulauni zomwe zinali m'pepala, kunsi kwa benchi. Wamtali anazizindikira nthawi yomweyo.

"Mkulu wako anazisiya kuti ndimusokere, ine ndinkangoti mawa, mawa," anatero. "Ndimazitulutsa ukakhala kusukulu. Nanenso ndimamusowa."

Wamtali anazigwira kwa nthawi yaitali. Kenako anaseka, misozi ili m'masaya.

"Ankayenda mopotoza phazi. Taonani mmene soli inathera mbali imodzi."

"Anatengera amayi ako. Onse awiri anandimalizira mphira."

Anakhala pabenchi mpaka kunayamba kuda, wina akusoka yakumanja wina yakumanzere, akukumbutsana nkhani za malemuyo, zoseketsa ndi zoliritsa zomwe. Pofika nyengo ya mayeso Wamtali anali atasiyiratu guluu, akudya moti bambo ake anayambanso kudandaula. Lole ikadutsa ankadzidzimukabe pang'ono, koma tsopano ankanena, ndipo panali womumvera.

Mwana akayamba kukoka guluu, kusuta kapena kumwa mankhwala ozunguza bongo, kawirikawiri pamakhala ululu umene akuuthawa. Musamumenye, ndipo musamubise chifukwa cha manyazi. Mufunseni modekha, mumvetsereni mpaka amalize, chotsani pafupi zimene zikumukola, ndipo pitani naye kuchipatala msanga. Mwana wothandizidwa amachira, monga anachirira wa Amisiri.