Nyimbo ya Duncan

Masana amenewo banja lonse linali m'chigafa likusankha fodya. Masamba anali opyapyala, poti feteleza wa makuponi anafika mochedwa. Elube, wotsogolera kwaya, ankang'ung'udza nyimbo yatsopano ya pa wailesi yonena za kuuka kwa Yesu. Malemu mwamuna wake Duncan ankaikonda, ndipo Elube ankafuna kuti kwaya iimbe nyimboyi pa Pasaka.

Apongozi ake a Lazaro, mkulu wa mpingo, anapukusa mutu. "Amake Fainess, nyimbo za magitalazi m'tchalitchi ayi. Za m'buku zatha kodi?"

"Sizinathe, bambo. Koma iyi mwana wanu ankaimba pomwe mwakhalapo, akusoka fodya."

A Lazaro anatola tsamba, kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kuliika pa mulu wolakwika. Elube analibweza mwakachetechete. Mphamvu zokangana analibe.

M'mawa mwake Elube akusesa pabwalo, a Lazaro anabwera ndi chikatoni ndi pensulo.

"Mundilembere mawu ake apa, zilembo zikuluzikulu, maso anga anatha. Ndikawaonetse akulu anzanga."

Elube anaika tsache pansi, nakhala pakhonde kuyamba kulemba.